Maso a Nyama za Yiriba

Tenin Balo anakwatiwa ku Sanabugu chaka chija mtsinje wa Joliba unaphwa mpaka abulu ankawoloka pansi kupita ku Segu. Anali mwana wa woumba mbiya, ndipo monga amachitira a mtundu wa osula, anamupereka kwa mwana wa wosula mnzawo, Yiriba Kumare. Koma Yiriba chitsulo sankachikonda. Chipala chimene bambo ake anamusiyira ankangochiyatsa akafuna kusula sompho kapena kampeni kake. Mtima wake unali pa mtengo. Ndiye ankasema mitu ya zilombo zimene anyamata a m'mudzi amavina nazo pabwalo mvula ikayandikira: mphalapala, njati, fisi, mvuu, ndi mbalame za milomo italiitali.

Dzanja anali nalo, zimenezo palibe ankatsutsa. Akasema khosi la mphalapala unkachita kuona mitsempha. Chimene chinamukana ndi maso. Ankatenga penti yoyera, n'kuzunguliza, n'kudontheza kadontho kakuda pakati, basi. Nyama zake zonse zinkatong'ola maso ngati munthu amene wamupezerera kuthengo asanamange lamba.

Tsiku lina, ukwati ukadali watsopano, Tenin anamupititsira madzi akumwa pansi pa mtengo pamene ankagwirira ntchito. Anagwada n'kupereka chikho, koma ataona mutu wa mphalapala umene unali pambali, mapewa ake anayamba kugwedezeka.

"Ukuseka chiyani, Balo?"

"Palibe, Kumare."

"Palibeyo ndi amene akukutayitsa madzi pa miyendo yangayu?"

Tenin anabisa nkhope mumpango. "Nyama yanuyi ndi yopemphera kwambiri. Diso ili likuyang'ana ku Maka, koma linzakeli likadali pamsika wa ku Segu."

Mwamuna wina akanamuthamangitsa ndi sompho. Yiriba anaiyang'ana nyamayo, anapendeketsa mutu, n'kuyamba kuseka nayenso mpaka kutsokomola.

"Pakamwa pamasema bwino," anatero. "Ika ako tione."

Ankangocheza. Aliyense amadziwa kuti mkazi sagwira chilombo. Gawo la akazi ndi kuimba ndi kuwomba m'manja chikamavina, osati kudziwa mmene chinapangidwira. Koma Tenin mawuwo anawasunga. Anaumba timipira tadongo n'kutiwotcha pamodzi ndi mbiya zake, koma tinatuluka takuda bii, topanda moyo, ngati ndowe za mbuzi. Kenako anatola botolo losweka la mankhwala a chifuwa, la galasi lofiirira. Anagogoda tako lake ndi msomali pang'onopang'ono, n'kumalinola pamwala ndi mchenga ndi madzi mpaka linabulungika, n'kulipukuta pachikopa ndi phulusa mpaka linayamba kuwala. Zala zake zinali mabala okhaokha. Kumbuyo kwa galasilo anapakako mwaye wa pamphika wosakaniza ndi utomoni.

Yiriba ataliona diso lagalasilo anakulunga mutu wa mphalapala uja m'chiguduli, n'kuupititsa yekha ku chisakasa choyanikamo mbiya kuseri kwa nyumba, kumene mwamuna salowa, n'kuusiya pakhomo.

Amene anamupeza Tenin kumeneko ndi Penda Bari, mayi wa mtundu wa Afula wa kumakola a ng'ombe kunja kwa mudzi, amene ankayenda khomo ndi khomo ndi chikho cha chambiko pamutu. Afula ndi osula ndi pachisuweni kuyambira makolo. Amatukwanana pamsika, paukwati, ngakhale pamaliro, koma sakwiyirana, ndipo wina sakhetsa magazi a mnzake.

"Kapolo wanga, ukubisa chiyani uko? Waba nkhuku?"

"Choka, Mfula iwe, miyendo ngati mapesi! Wakuitana ndani?"

"Mbuye saitanidwa kwa kapolo wake."

Anali atalowa kale. Anaona mutu wa chilombo pamiyendo ya mkazi, ndipo akanafuna, mudzi wonse ukanadziwa dzuwa lisanalowe. Koma anangotula chikho chake n'kunjuta.

"Ichi n'chiyani?"

"Diso."

"La ndani? La nsomba youma?"

"La mphalapala."

Penda anaomba m'manja. "Inu osula nyama mumaidziwa ikakhala mumphika basi. Unayamba wayang'ana ng'ombe m'maso iwe? Mwana wa diso wa nyama yodya udzu sakhala wozungulira ngati wako wa kadzidziyo. Amagona chopingasa. Ubwere mawa kukhola ukatoleko nzeru, kwanu kuno kulibe."

Tenin anapita. Anakhala m'khola m'mawa wonse, ndowe mpaka m'mapazi, akuyang'ana ng'ombe za mwamuna wa Penda. Anaona mwana wa diso wogona uja, anaona kachifunga kobiriwira kamene kamayandama mkati, anaona kuti pakona pa diso pamakhala ponyowa nthawi zonse, ndi kuti nsidze za ng'ombe ndi zazitali kuposa za namwali. Pobwerera Penda anamumangira kamtolo ka ubweya wa kumchira, wakuda ndi woyera.

"Tenga uikire nyama zakozo nsidze. Wotsalawo udziike wekha, mwina mwamuna wako angakuyang'aneko."

Chaka chimenecho mphalapala itatuluka pabwalo, dzuwa la masana linagwera m'maso mwake. Inatembenuza khosi pang'onopang'ono monga amachitira anyamata obisala pansi pa nsalu, ndipo mwana wina analira n'kuthawira kumbuyo kwa mayi ake. Amayi oimba anasokoneza nyimbo. Wina anakuwa kuti, "Yatiyang'ana!" Asanabalalike anali atapeka kale nyimbo yotamanda maso a nyama za Yiriba, ndipo Tenin anaimba nawo, akuwomba m'manja.

Gule atatha Yiriba anabwera kudzakhala pafupi ndi mafuwa, malo amene sankakhalapo.

"Wamva mmene akundiimbiramo?"

"Ndamva. Ndaimba nawo."

"Sizikukupweteka?"

"Mukufuna ndikaime pabwalo ndinene kuti ndine, atipirikitse tonse? Idyani ulemuwo, Kumare. Ine muzingondibweretsera mabotolo."

Ndipo ankamubweretseradi. Akapita ku Segu ankazungulira kuseri kwa magalaja ndi kudzala la kuchipatala, munthu wamkulu, wa ndevu zake, akutokosa zinyalala ndi ndodo. Ankabwera ndi zibenthu za nyali za malole, mabulo a ana, matako a mabotolo obiriwira ndi ofiirira, timagalasi toswekasweka. Tenin ankaziyala pa lichero n'kumazikweza kudzuwa chimodzichimodzi. Galasi lachikasu la nyali yokhotera linali la fisi. Lofiira ngati tiyi wopanda mkaka linali la kavalo. Mvuu inkafuna botolo lobiriwira lokhuthala, lopaka dothi lofiira kumbuyo. Ndevu za mkango zinkachokera ku minga ya nungu imene alenje ankataya, chenjerere cha kavalo ku michira ya ng'ombe za Penda. Pomaliza nyama iliyonse ankaipaka mafuta a mtengo wa karite ndi chikhatho mpaka mtengo unkafunda ngati thupi.

"Akazi anzanga amuna awo amawagulira nsalu," ankatero pomuuza Penda. "Wanga amandibweretsera zinyalala za ku Segu."

"Wakudziwa mtengo wako," Penda ankayankha.

Zaka zimenezo zinali zabwino. Alendo ankadzaza m'mbali mwa mtsinje ku Segu nyengo yachisanu, ndipo Yiriba anayamba kusemanso tinyama tating'onoting'ono togulitsa. Nyumba anaifolera ndi malata. Ana anabadwa, ena anabwerera ali makanda, awiri anakhala: mnyamata Zumana ndi mtsikana Wasa. Zumana atabadwa, Tenin anadwala malungo aakulu ndipo mabere ake anauma. Penda anali ndi khanda lake, Yero. Anangobwera, n'kunyamula mwana wolirayo, n'kumuika kubere lina.

"Bwera, kakapolo," ankatero. "Yamwa mkaka wa mafumu, mwina ungakule ndi mphuno."

Anyamata awiriwo anakula ngati mapasa. Yero anaphunzira kupopa mvukuto, Zumana anaphunzira kukama. Akamenyana, amayi awo ankawakwapula onse ndi ndodo imodzi.

Mavuto anabwera pang'onopang'ono, ngati chiswe. Poyamba zinkamveka kutali, kumpoto. Kenako alendo analeka kubwera, ndipo tinyama tija tinangodzaza m'matumba. Kenako tsiku lina la msika kunafika anthu a mfuti pa njinga zamoto, nkhope zokulunga ndi nsalu. Anasonkhanitsa amuna pamzikiti n'kunena kuti ng'oma isamvekenso m'mudzimo, zilombo zisatulukenso, ndipo wosema mafano asiye ntchito yake ngati akufuna kuona zidzukulu.

Yiriba anabwera kunyumba n'kukhala osagwira kanthu mpaka zokolola zinalowa m'nkhokwe. Ankadzuka, n'kukhala pansi pa mtengo wake, manja pamaondo. Anayamba kuwonda.

"Balo," anatero m'mawa wina, "ndikupita kukadula mtengo."

"Wa nkhuni?"

"Wa nkhuni."

"Nkhuni zimafuna kuti munthu anole sompho dzulo lonse?"

Yiriba anaseka pang'ono. "Ndingosema umodzi, ndiubise. Zimenezi zidzatha. Anyamata adzafuna mphalapala yatsopano, yakale ija yafumbwa. Iwe konzeratu maso."

"Kumare, musapite kutali. Dulani wa pafupi."

"Wa pafupi ndi wamfundo."

Anamanga bulu pangolo n'kupita. Tenin anatenga lichero lake n'kusankha zibenthu ziwiri zofiirira. Anali akunola chachiwiri pamene bulu anabwera yekha, ngolo ili gwedegwede kumbuyo, mulibe kanthu. Amuna anatsata mapazi a matayala mpaka kudambo. Anamupeza atafa, atatsamira chipika chimene anali atagwetsa kale n'kusadza nthambi. Amene anamupha anali atatenga sompho.

Anamuika tsiku lomwelo. Tenin anavala nsalu yaumasiye n'kukhala pamphasa m'nyumba, monga mwambo umanenera, osatuluka kunja kwa mpanda kwa miyezi yake. Ndiye zonse zimene zinatsatira anazimvera pamphasapo.

Panali mnyamata wotola nkhuni amene ananena kuti anamva anthu a njinga zamoto aja akulankhula Chifula. Mawu amenewo anayenda m'mudzi ngati moto wa lupsa. Palibe anafunsa kuti Afula ake ati, a kuti. Zumana, amene tsopano anali bambo wa mwana mmodzi, analeka kulankhula ndi anthu. Anagula mfuti yagogodera n'kuyamba kuyenda ndi alenje amene ankati akuteteza mudzi.

Penda anabwera kudzapepesa, chikho cha mkaka pamutu. Amayi amene anali pakhonde sanamuyankhe moni. Analowa n'kukhala pafupi ndi Tenin, n'kumugwira phazi.

"Wakusiyira ndani kapolo wanga, Yiriba wopanda nzeruyu?" anatero, misozi ikutsika. "Akanandiuza ndikanamugulitsa kaye."

Tenin anaseka koyamba chimwalirire mwamuna wake, kuseka kosakanikirana ndi kulira. Nthawi yomweyo Zumana anaima pakhomo, mfuti paphewa.

"Amayi, mkakawu ubwerere."

"Zumana, ukulankhula pamaso pa ndani?"

"Ndikudziwa. Ubwerere. Ndipo asabwerenso kuno."

Penda anamuyang'ana kuyambira kumapazi. "Mkaka wanga unayamba liti kukuwawa, mwana iwe?"

Zumana anangopatuka pakhomo kuti adutse. Penda anasenza chikho chake n'kutuluka, msana uli chilili.

Patapita masabata ochepa, m'mawa wina Tenin anamva mfuti kumbali ya makola, zambiri, ndi ng'ombe zikulira. Anaimirira n'kusuzumira pamwamba pa mpanda. Utsi unali tolotolo. Anafuna kuthamanga, koma alamu ake aakazi anamugwira m'chiuno.

"Wamasiye satuluka! Ukufuna utibweretsere tsoka lina?"

Zumana anabwera dzuwa lili paliwombo. Anatunga madzi n'kusamba m'manja ndi kumaso nthawi yaitali. Chakudya sanachikhudze.

"Munali kuti?"

"Kuntchito."

"Yero ali kuti?"

Anayang'ana pansi.

"Ndikufunsa iwe, Zumana. Mbale wako ali kuti? Mayi ako Penda ali kuti?"

"Ine mayi ndili naye mmodzi," anatero, n'kutuluka.

Madzulo ake zinamveka kuti Yero anali m'gulu la akufa, pamodzi ndi bambo ake. Za Penda palibe ankadziwa. Ena ankati anathawira m'minda ya mapira ndi ana, ena ankati anapsera m'nyumba.

Akuluakulu anadziwa kuti anthu a njinga zamoto aja adzabwera kudzabwezera. Analamula kuti mitu yonse ya zilombo ichotsedwe m'nyumba yosungiramo, ikaponyedwe mumtsinje, kuti asadzapeze chifukwa china. Anyamata anadutsa nayo kuseri kwa mpanda wa Tenin masanasana, osaiphimba n'komwe, poti panalibenso woibisira. Anaiona ikudutsa umodziumodzi pamapewa a anthu: njati, fisi, mvuu, mphalapala yakale ija nsidze zitathothoka. Diso lililonse ankalidziwa, botolo limene linachokera ndi tsiku limene Yiriba analibweretsa. Sanalire mokweza. Alamu ake akanafunsa kuti mkazi akulirira chiyani zinthu za amuna.

Kuponya zilombo sikunathandize. Njira ya kumsika inatsekedwa, minda yakutali inaleka kulimidwa, ndipo mabanja anayamba kuchoka. Miyezi yaumasiye itatha, Wasa, amene anakwatiwa ku Bamako, anatumiza uthenga kuti mayi ake abwere. Zumana anatumiza mkazi wake ndi mwana kwa apongozi, iye n'kutsala ndi alenje. Anaperekeza mayi ake mpaka pabwato. Tenin anamudalitsa monga mayi amachitira, koma sanamuyang'ane kumaso.

Ku Bamako kunalibe dongo, kunalibe bwalo lowotcherapo mbiya. Kunali chipinda chimodzi, ana a Wasa, ndi phokoso la njinga zamoto limene linkamudzidzimutsa tsiku lonse. Anakhala miyezi akungosenda anyezi. Tsiku lina pochokera kumsika anamva kugogoda kwa sompho kuseri kwa mpanda wa malata, miyendo n'kumutengera komweko yokha.

Munali amuna osema, atakhala pansi pakati pa zipalapasa, akupanga njovu, nyamalikiti ndi akavalo. Mwini malowo, Sidiki, bambo wonenepa wokonda kutafuna mtedza wa kola, anamufunsa chimene ankafuna.

"Ndingokhala pang'ono, mwanangu. Ndimve fungo."

Anakhala. Anaona mnyamata wina akutsegula kathumba ka pulasitiki kodzaza ndi maso a zidole ogula kumsika waukulu, onse ofanana, n'kumawamata ndi guluu pa njovu, pa kavalo, pa mkango, osasankha. Tenin anapirira mpaka anatopa.

"Kavalo ameneyo wakulakwira chiyani?"

Anyamata anaseka. Sidiki analavula kola. "Amayi, mukudziwa za akavalo?"

"Ndipatse botolo la mankhwala ndi mwala. Ndibwera nalo Lachisanu."

Lachisanu anabwera ndi maso awiri atawamanga pakona ya mpango. Anakumba pang'ono ndi kampeni, anawalowetsa, anaumba zikope ndi utuchi wosakaniza ndi guluu. Sidiki anamunyamula kavaloyo n'kupita naye padzuwa, n'kumutembenuza uku ndi uku.

"Anakuphunzitsani ndani?"

"Ng'ombe."

"Bwerani mudzaone kuno, inu! Amayi Balo, dzanja lanu ndi lodala!"

Aka kanali koyamba kuti munthu amutamande ndi dzina lake chifukwa cha ntchito imeneyi. Kuno kunalibe wosamala kuti mkazi wagwira chiyani, poti nyamazi sizinali zovina, zinali zoika pashelefu. Tenin anadikira kuti mtima usangalale, koma sunasangalale. Anangoona kuti akufuna kukafotokozera munthu, ndipo anthu awiri okha amene akanamvetsa kunalibe.

Anayamba kugwira ntchito kwa Sidiki, pakona, pafupi ndi mulu wa utuchi. Maso a pulasitiki sanathe, poti ogula ambiri ankafuna zotchipa. Koma nyama zikuluzikulu zinkadikira iye.

Nyengo ya fumbi itayamba, Sidiki analandira ntchito ya kavalo wamkulu ngati wamoyo, woti akaime pakhomo la hotela ina. Anafuna kumuika chenjerere cha ulusi wa nayiloni. Tenin anakana, nati apita yekha kumsika wa ng'ombe kukafuna michira kwa opha nyama.

Kuseri kwa msikawo, pamwamba pa dzala la mzinda, panali misasa ya mapepala apulasitiki ndi ziguduli, yambirimbiri, ya anthu othawa kwawo. Utsi wa zinyalala unkafuka pansi ngati nthaka ikupsa. Tenin anadutsa m'mbali, michira ili m'thumba, atatseka mphuno ndi mpango. Pafupi ndi njira panali mayi wina atawerama, akutola mabotolo apulasitiki n'kumaika m'chisaka. Anali wowonda ngati bango, mphete zagolide za m'makutu kulibe, mabowo okha. Koma msana umenewo Tenin akanauzindikira pakati pa anthu chikwi.

"Penda."

Mayiyo anaweramuka pang'onopang'ono. Anayang'anana. Mawu achipongwe amene anapatsana moni nawo moyo wawo wonse anafika pakamwa pa Tenin, koma sanatuluke.

"Tenin Balo," anatero Penda, ngati akuwerenga dzina la mlendo. "Uli ndi moyo."

"Ndili nawo. Iwenso."

"Akutero."

Anamutengera kumsasa wake. Munali mphasa, ketulo, ndi atsikana awiri aang'ono, ana a Yero. Penda anatunga madzi m'chigubu n'kumupatsa, poti mlendo ndi mlendo. Tenin anamwa. Anakamba za fumbi, za kudula kwa makala, za chifuwa chimene chinkamuvuta Penda.

Kuyambira tsiku limenelo Tenin ankapitako Lachisanu lililonse, ndi mpunga, sopo, nthawi zina kabotolo ka mankhwala a chifuwa. Penda ankalandira n'kuthokoza ndi mawu onse aulemu, monga amathokozera munthu wa boma. Kuthokozako kunkamupweteka Tenin kuposa kutukwana kulikonse.

Tsiku lina atsikana atapita kukatunga madzi, Penda anafunsa, maso ali pa ketulo.

"Zumana analipo?"

Tenin anali atakonza mayankho ambiri m'njira zonse zimene anayenda kubwera kuno. Onse anathawa.

"Analipo."

Penda anagwedeza mutu. "Ndinamuona. Ndimafuna ndimve ngati ungandinamize."

"Ndi iyeyo amene..."

"Sindikudziwa. Anali ambiri, utsi unali ponseponse. Yero anagwera pakhomo la khola, sindinaone mfuti yake ya ndani." Anatsokomola nthawi yaitali. "Ine ndinagona m'mapira ndi anawa, wina ndamutseka pakamwa. Anabwera akufufuza mzere ndi mzere. Amene anafika pamzere wathu anali Zumana. Anaima pamene pali ketulopa. Anandiyang'ana, ine n'kumuyang'ana. Mnzake anakuwa kuti, kuli anthu uko? Iye anati, kulibe."

Tenin anagwira pakamwa.

"Ndiye ndiuze, iwe mayi wake. Ndimuthokoze kapena ndimutemberere? Ndakhala ndikufunsa Mulungu, sakundiyankha."

"Nanenso sindikudziwa, Penda."

"Ayi, sungadziwe."

Kenako atsikana anabwera ndi madzi. Pochoka, Penda anamuperekeza mpaka panjira, chinthu chimene sanachitepo chiyambire kubwera kwake, ndipo anamugwira dzanja pang'ono asanabwerere.

Kavalo wa hotela uja anatha. Anatuluka wokongola, chenjerere chakuda chikugwera mbali imodzi, ndipo anthu ankaima pamsewu kumuyang'ana pamene ankamukweza pa lole. Tenin sanapite kukamuona pamene anamuimika.

Chifuwa cha Penda sichinamve mankhwala. Kutentha kutafika pachimake, Lachisanu lina Tenin anapeza amayi atasonkhana pakhomo la msasa. Anali atamwalira m'mawa womwewo. Achibale ake enieni kunalibe, ndipo amayi a misasa yoyandikana ankafunsana kuti asambitse ndani. Tenin anatula mpunga wake n'kupinda manja a bulauzi.

"Inu ndinu ndani wake?" anafunsa mayi wina wachikulire m'Chibamana chothyokathyoka, chinenero cha kwa Tenin, akumuyang'ana mokayika.

"Anandiyamwitsira mwana."

Anamupatsa njira. Anamusambitsa mnzake ndi sopo amene anabwera naye, anamupesa tsitsi loyera lija, n'kumukulunga. Ana a Yero anatengedwa ndi msuweni wa mayi awo amene anali kumsasa wina. Tenin anapempha kuti aziwaona, ndipo anamulola, ngakhale sanamufunse dzina la mudzi wake ndipo iye sanalitchule.

Zumana ankaimba foni mwa apo ndi apo, pa foni ya Wasa, akapeza pokwera pamene mawu amamveka. Anaimba patapita masiku angapo. Anafunsa za miyendo ya mayi ake, za ana, za mvula ngati yayamba kuoneka kumeneko. Tenin anayankha zonse. Kenako anati:

"Penda wamwalira. Ndamusambitsa ine."

Tenin ankamva mphepo ikuwomba kumene mwana wake anaima, ndi mbuzi ikulira chapatali.

"Anali ku Bamako?"

"Anali kuno, padzala, ndi ana a Yero."

"Anakula anawo?"

"Akukula."

Kenako Zumana anafunsanso:

"Amayi, ananenapo chilichonse? Za ine?"

Tenin akanatha kumupatsa mawu ofewa. Anali mwana wake, ali kutali, akugona m'thengo ndi mfuti. Koma anamuuza zimene Penda ananena, mmene anazinenera, osawonjezera, osachotsa. Atamaliza anamva mwana wake akupuma movutikira, ngati munthu wosenza katundu pachitunda. Kenako foni inaduka.

Wasa anaitenga n'kuyesa kuimbanso, koma sinalowe. Zumana sanaimbenso mpaka mvula inagwa.